Dzino Losalira

Lachitatu lililonse, chiperoni chikatsika ku Soche
n'kudzafunditsa mitengo ya ku Mishoni,
mwana wa a Namalomba amafika juzi ili chinyowere,
natsegula piyano ya mu holo imene ine ndimasesa.

Nyimbo yake ndi imodzi yomweyo.
Pepala lake linafiira ngati zala za wosuta chingambwe,
dzina la mwini nyimbo lili pamwamba,
zilembo zothinana zimene lilime langa linazikana.
Akuti anali wa kutsidya kwa nyanja zamchere,
wa nthawi ya makandulo ndi ngolo za akavalo.
Ine sindikumudziwa.
Koma iye, kaya anamva kwa yani za ine.

Ilibe mawu, ilibe ng'oma.
Sungaivine, sungaiombere m'manja.
Dzanja lamanzere limangoyenda mwakachetechete
ngati munthu wotuluka pa geti la ku Gulupu
atanyamula bulangete, fulasiki ndi patapata
za wodwala amene sazifunanso.
Lamanja limafunsa funso,
lidikire, lifunsenso motsitsa.

Kenaka nyimbo imakwera, imakwera,
ngati minibasi yodzadza pa chitunda cha ku Ndirande,
ndipo ikafika pofunika kulira kwenikweni,
pali dzino limodzi la piyano limene linafa.
Chala chikaligunda limangoti phu,
thabwa lokha.
Mtsikanayo amatsonya, nabwerera pambuyo.
Ine tsache limaima.

Chifukwa Abiti Saizi wanga anatero ndithu
usiku uja wa mwezi wa Juni:
anandikoka malaya, natsegula pakamwa,
mpweya unatuluka, mawu ayi.
Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikuwasaka mawuwo
m'matumba a zovala zake, m'buku lake la nyimbo,
mpaka ndinawapeza pano,
pa dzino losalira,
pamene holo yonse imagwira mpweya.

Sabata yatha kunabwera mkulu wina wa ku Limbe,
kachikwama ka zitsulo m'khwapa.
Anatsegula mimba ya piyano,
natulutsamo chisa cha mbewa, bobini ndi ndalama ya tambala,
namanga waya watsopano.
A komiti analipira, nalemba m'kaundula.

Lero mtsikana wakwera chitunda chija osapunthwa.
Dzino lalira, mbee, ngati galasi lotsukidwa,
iye waseka, wandiyang'ana kuti ndimuyamikire.
Ndagwedeza mutu. Waimba bwino, mwanawe.

Panja ogulitsa chimanga chootcha akupemerera makala,
ana a sukulu akuthamangira ku Wenela,
mtsinje wa Mudi ukukoka mapepala ake akuda.
Ndatseka mawindo, ndapachika makiyi,
ndaima pang'ono pakhomo.
Malo aja amene mkazi wanga ankakhala mu nyimbo
alowapo wina.