Ziro Wobisala

Tsambalo ndinalipanga ndekha, mausiku atatu,
pa laputopu yobwereka kwa Sisitala Rufina,
zala zitauma gwa ndi chisanu cha pa Bembeke.
Silinali la zambiri:
pamwamba dzina la gulu, Tisamale Maŵa,
m'munsi mitengo ya mbatatesi,
thumba lalikulu mwakuti, laling'ono mwakuti,
kenako nambala ya msungichuma, basi.
Zilembo zinaima chilili
ngati mizere yolimidwa potsata chingwe.

Lachinayi anatulukira a Chidzanja, apampando,
jekete lili phee mpaka m'khosi.
Anasuzumira, nagwedeza mutu.
"Mphwanga, tsamba lopanda nkhope ndi manda.
Ikamo kanema uja wa tsiku lokolola,
uja ndikuyankhula ine nditagwira khasu."

Ndinaikamo.
Ndani amakana mwini chidindo?

Pa laputopu zonse zinali bwinobwino.
Koma alimi sayenda ndi laputopu.
Pa foni ya Nankhoma, yosweka pakona,
kanemayo analowa ngati ng'ombe m'dimba:
mawu anabalalika,
wina kuthawira kumanzere, wina kukwera pamsana pa mnzake,
"mbata" pamwamba, "tesi" kutsikira kuchigwa.
W wathu wovala chipewa anasanduka kabokosi,
maŵa nkukhala ndi chiboo pakati.
Ukati uwerenge, mzere wadumpha.
Ukati udine nambala,
chala chagwera pamphuno pa a Chidzanja,
ndipo ayambanso: "Ife alimi a kuno..."
uku bandulo ikutha ngati mchere m'madzi.

Zonsezo tikanaseka.
Koma panali ziro mmodzi,
wotsiriza pa mtengo wa thumba lalikulu,
amene anakabisala kuseri kwa chigongono cha apampando.
45000 inavula n'kukhala 4500.

Loweruka, chifunga chisanayere,
lole inaima pamsewu wa fumbi, yochokera ku Lunzu,
matayala ofiira, dalaivala maso ali psuu.
Mayi wina anatsika, chikwama chili pamimba,
natukula foni m'mwamba ngati umboni wa kukhoti:
"Matumba makumi asanu ndi limodzi. Mtengo ndi uwu.
Ndalemba ine kapena inu?"

Nankhoma anandiyang'ana.
A Chidzanja anandiyang'ana.
Ngakhale galu wa pasitolo anandiyang'ana.
Ine ndinati, ziroyo alipo, amayi,
sanapite kulikonse,
tembenuzani foni chogona, mumuona.
Anatembenuza. Anatulukadi, wozungulira, wopanda manyazi.
Koma dizilo wa ku Lunzu sabwerera m'thanki
chifukwa choti foni yagona chammbali.

Anakambirana mpaka dzuwa kuboola mitambo.
Anagula khumi ndi awiri, titachotserako pang'ono,
nanyamuka osatsanzika.
Pang'onopo anati ndilipire ine,
pang'onopang'ono, nyengo ziwiri.

Usiku womwewo ndinatsegula tsamba kumimba kwake,
kumene kuli timizere ndi tizikhomo tosaoneka kwa owerenga.
Ndinapeza kuti kanemayo ndinamupatsa malo
osamuuza polekezera.
Cholakwa sichinali chake.
Mlendo ukapanda kumuonetsa mpando
amakhala pa mphasa ya ana.
Ndinamutulutsa, ndinamumangira kachipinda kake kumapeto,
ndi mawu akuti: wofuna kuona, adine apa.

Zilembo zinabwerera, chimodzichimodzi,
ngati nkhuku madzulo.
Ziro anakhala pamalo pake, poyera.

Mmawa a Chidzanja anaimba foni:
"Nkhope yanga yapita kuti?"
Ndinati ilipo, bambo, tsikani m'munsi.
Anati m'munsi ndi mwa ana.
Sanandipatsebe moni mpaka lero.

Koma kabokosi kaja kanakana kuchoka.
Pa foni ya Nankhoma mokha,
dzina la gulu likadali ndi chiboo.
Ndayesa zonse zomwe ndikudziwa.
Iye akuti ndikasiye,
akuti maŵa ndi mmene amaonekera kale:
chiyambi ukuchiona, mathero ukuwaona,
pakatipo sudziwa muli chiyani.