Kuseri kwa Kadontho

Ku Telavi mphesa zatha kuthyoledwa.
M'chipinda chapansi mitsuko isanu, yokwiriridwa mpaka m'khosi,
ikubwata yokha mumdima,
ndipo Nestan wagwada pakamwa pa mtsuko wachitatu
ndi kakompyuta kosaposa chikhatho chake,
kabolodi kobiriwira, kopanda chovala,
mawaya atatu ali lendelende:
wofiira wa moto, wakuda wobwezera, wachikasu wonyamula uthenga.
Kunsonga kwake kuli kachitsulo konga chala cha khanda
koti kamizidwe m'vinyo, kazinena za kutentha.

Poyamba kananama.
Madigiri 85, kanatero, nkhope ili gwa,
ngati mtsukowo ndi ketulo.
Gocha, bambo ake, anaseka mpaka kutsokomola:
"Basi tiponyemo mazira."
Nestan sanayankhe. Nambalayo amaidziwa:
ndi imene kachipangizoka kamadzuka nayo kasanayeze kanthu,
monga wogwedezedwa pakati pa tulo
amangovomera kuti "ndamva."
Anakanikiza waya womasuka, nadikira.

24.
24 ndi theka.
24.
Kakudumpha ngati woloka mtsinje pamiyala,
ndipo za pakati pa mwala ndi mwala kali zii.
Mabiti asanu ndi anayi okha,
yankho lachangu la mwana amene mtima uli kubwalo.

Pa sikirini yakuda analemba mzere umodzi:
akhale khumi ndi awiri.
Tsopano digiri imodzi idulidwe tizidutswa 16,
tating'ono ngati nyenyeswa za buledi.
Koma zaulere kulibe. Mtengo wake ndi nthawi,
magawo atatu mwa anayi a sekondi
kakusinkhasinkha kasanatsegule pakamwa.
Ukakafulumiza, kakupatsa mkute wa yankho lapitalo.

24.187
Kuseri kwa kadontho kwamera mchira.
Zokongola ndithu,
koma mboni yabodza nayonso imatchula ola ndi mphindi yomwe.

Ndiye anakulunga ayezi m'thaulo,
namuphwanya ndi nyundo pasitepe, phwa, phwa,
kudzaza kapu, madzi pang'ono, kutakasa ndi supuni,
kumiza kachitsulo pakatikati osakhudza m'mbali.
Mphindi khumi. Zala zinauma.
Madzi a ayezi sadziwa kukometsa nkhani: ndi ziro basi.
Koma sikirini inati 0.437.

Kani kali ndi malungo akeake!
Sanakakalipire. Anangolemba kuti
pa chilichonse chimene kanene, muzichotsapo 0.437,
monga umachitira ndi mnzako wokonda kuthira mchere nkhani
amene umamukondabe.
Anawonjezanso lamulo lina:
kazifunsidwa kamodzi pa mphindi,
poti kufunsidwafunsidwa kumakatenthetsa mutu
mpaka kuyamba kuyeza thupi lake m'malo mwa vinyo.

Usiku wapita. Panja galu wa a Lamara wauwa, waleka.
Gocha watsika masitepe mogwira khoma,
wapinda malaya mpaka m'chigongono
monga wachitira zaka makumi anayi,
wapisa mkono m'makoko a mphesa oyandama pamwamba.
Kale akanati "wapsa mtima uyu, tsegulani chitseko,"
kapena "msiyeni, akugona bwino."
Koma chichokereni kuchipatala m'dzinja lapitali
dzanja lamanjalo silisiyanitsa chisanu ndi moto.
Onse awiri akudziwa. Palibe anakutchulapo.

Wakhala choncho nthawi yaitali, mkono uli m'mtsuko,
maso ali kudenga.
Kenako wauzula, madzi ofiira akuchucha tho, tho, padothi,
wapukuta pathalauza,
ndipo osayang'ana mwana wake wafunsa chapansipansi:
"Kakuti bwanji kanthu kakoko?"

"23 ndi pang'ono, bambo."

Kanyali kobiriwira kaphethira.
Mtsuko wageya kampweya.

"Pang'onoyo," watero Gocha, akudzikokera kampando,
"ndi wochuluka bwanji?
Tandiwerengera onse.
Usasiye ngakhale wa kumchira."