Kwa Bondo Langa Lamanzere

Iwe bondo langa lamanzere,
tiye tikambirane lero, poti m'nyumba muli zii.

Ukukumbukira ku Shreveport, kuseri kwa tchalitchi,
mphete yadzimbiri yopanda neti,
simenti yong'aluka imene inkakusenda Loweruka lililonse?
Amayi ankakupaka mankhwala oluma uku akudandaula:
Odessa, ndiwe mtsikana wanji
wosatha sabata wopanda chilonda?

Kenako kunabwera kalata ya ku Iowa.
Koleji yaulere zaka zinayi, anatero,
bola uzisewera basiketibolo.
Ndinasaina ndine, koma fizi unkalipira ndiwe.
Faifi koloko m'mawa, chipale chofewa chili mbuu,
Kochi Lindqvist wezulo ali kukamwa:
thamangani, khudzani mzere, bwererani, thamanganinso!
Masana ndinkasinza m'kalasi ya zachuma
nditakumangirira thumba la ayezi,
madzi akudontha pansi pa desiki.

Chaka chachitatu, kutatsala masekondi anayi,
tikutsalira ndi pointi imodzi,
unandinyamula.
Ndinaona mitu ya anthu ili pansi panga,
mpira unachoka kunsonga za zala,
neti inangoti swaa.
Anthu zikwi zisanu ndi zinayi anafuula dzina langa.
Lako panalibe analitchula.

Usiku wosankha osewera a ligi yaikulu
ndinavala diresi yobwereka, foni ili m'manja.
Maina anatchulidwa mpaka ndandanda inatha.
Amayi anayamba kuvindikira mbale mwakachetechete,
alendo anatsanzika ndi maso okha.

Ndiye tinalondola ntchito kumene inali.
Ku Poland dzuwa linkalowa tisanatuluke m'holo,
ndinaphunzirako mawu atatu: kumanzere, msanga, zikomo.
Ku Turkey malipiro anachedwa miyezi iwiri,
bwana wa timu akumwetulira, tiyi ali m'manja:
mawa, mwana wanga, mawa.
Khirisimasi zisanu ndinazidyera pa foni,
mwana wa mchemwali wanga akukulira pa kagalasi,
akunditchula kuti azakhali a m'ndege.

Ligi yakwathu inandiitana kamodzi,
kontrakiti ya masiku asanu ndi awiri.
Ndinasewera mphindi zisanu ndi imodzi, ndinagoletsa kawiri.
Jezi ija ilipo m'kabati,
sindinaichape.

Ndiye ku Spain, Lachitatu wamba,
popanda wondikankha, popanda wondipinga,
unangoti thyoo.
Ululu unachedwa, chinayamba kufika ndi phokoso.
Ndinagona chagada ndikuwerenga magetsi akudenga,
khumi ndi awiri, limodzi lakufa.
Ndinakutukwana, sindikana.
Ndinaiwala kuti unali utandichenjeza nyengo zitatu
ine ndikukutseka pakamwa ndi jakisoni.

Dokotala Iturbe anakung'amba, anakusoka.
Miyezi khumi ndikukuphunzitsa kupinda,
kukwera sitepe imodzi, kutsika sitepe imodzi,
iwe amene unkandiulutsa.
Tinabwerera m'bwalo, tinasewera nyengo zina ziwiri,
koma tinali ngati banja lokhalira ana:
ndikafuna kudumpha ndinkayamba ndakufunsa,
ndipo mpira sudikira munthu wofunsa.

Panalibe mwambo wotsanzikana.
Ndinasiya nsapato m'chipinda chosinthira,
ndinakwera basi ya ku bwalo la ndege.

Tsopano ndili ndi zaka makumi atatu ndi zinayi.
Mvula umayamba kuidziwa ndiwe, wailesi pambuyo.
Ndimaphunzitsa atsikana a kusekondale kwathu kuno,
wezulo ali kukamwa, nanenso.
Dzulo Keondra, wamtali uja wamanyazi,
anakuloza chipsera nafunsa: Kochi, kodi munaluza?
Ndinasowa yankho, ndinamuuza amange nsapato.

Ana atapita, holo itatsala yokha,
ndinatola mpira umodzi woiwalika pakona.
Ndinaudunda kawiri. Ndinakuyang'ana.
Unalira pang'ono ngati chitseko chakale,
kenako unapinda wekha, osafunsidwa.

Sitinauluke.
Mwina chala chimodzi kuchoka pansi.
Koma neti ija, iwe,
unaimva mmene inayankhira?