Gubu wa a Mbazima

Pa Kamwendo, kuseri kwa chigayo cha dizilo,
amalume anga a Mbazima amamata machubu a njinga.
Zala zawo n'zakuda ndi guluu.
Koma dzuwa likapendeka amasamba m'manja kawiri
n'kutsitsa gubu pamsomali:
uta wa nsungwi, chipanda chong'aluka chosokedwa ndi waya,
nsambo yake anaisolola pabuleki ya kabaza.
Amati kale ankapota ubweya wa kumchira wa ng'ombe,
koma khola lathu linapita ndi akuba usiku umodzi.

Zaka makumi anayi ndi zitatu akuimba.
Anaimba m'masukulu, pamaukwati, pamaliro a anzawo,
kamodzi anamveka pawailesi
ndipo malipiro ake anathera m'basi yobwerera.
Gulu lawo la ingoma linali la amuna khumi ndi awiri;
latsala ndi atatu, wina mwendo unafa.
Zishango zili kudenga, njenjete zikudya.
Anthu ena a ku Lilongwe anabwereka kaseti yawo
nati abweza Lachisanu.
Sananene Lachisanu lake liti.

Ine ntchito yanga n'kugwira foni
ndi kulemba m'kope la masamu mawu amene sindiwamva.
Iwonso sawamva.
Chingoni chinatsala m'kamwa mwawo ngati dzino la golide,
chowala, koma chosatafunira.
Pamwamba pa nyimbo yachisanu ndi chiwiri ndinalemba:
ya nkhondo.
Ndi mmene agogo awo anawauzira,
ndi mmene ankaiimbira, chidendene chikung'amba nthaka,
maso ali psuu.

Tsono mwezi wa fumbi uja
thiraki ya ku Joni inawira injini pamsewu wa ku Chipata.
Dalaivala anabwera ndi chigubu kudzapempha madzi,
munthu wamkulu thupi, thukuta lili kamukamu.
Anafika pakati pa nyimbo.
Anaima.
Chigubu chinatsika chokha mpaka pansi.

Atamaliza, mlendo anati ayambirenso.
Anayambiranso. Iye milomo ikutsatira m'mbuyo,
akuwongola mawu amene ife tinawapinda panjira.
Kenaka m'Chingerezi chothyokathyoka, ndi manja omwe,
anatiuza kuti mulibe mkondo m'nyimbomo.
Nkonyane, anatero, si dzina la ngwazi.
Ndi thole.
Mnyamata wataya thole kutsidya la mtsinje,
kwada, akuopa kubwerera kwawo,
akuitana, akuitana.

Chigayo chinali chitazima.
Ndinamva mpweya ukutuluka m'chubu chomwe sanamate.
Amalume anayang'ana chipanda chawo nthawi yaitali
ngati munthu amene wapeza kalata
m'thumba la jekete ya malemu bambo ake.
Kenaka anaseka, mpaka kutsokomola,
nati: Zaka zonsezi ndakhala ndikuopseza anthu
ndi mwana wa ng'ombe!

Mlendo anatunga madzi ake napita.
Dzina lake sitinamufunse.

Usiku ndinatenga cholembera kuti ndifufute mutu uja.
Anandigwira dzanja.
Usafufute, mphwanga. Lemba pansi pake.
Anthu amene anawoloka Zambezi ndi mikondo
anasiyanso kanthu kutsidya.
Ukaona mwamuna akuponda pansi mwamphamvu chotero
mwina akungofuna kuti chotayikacho chimve kumene ali.

Masiku ano Loweruka kumabwera ana asanu ndi mmodzi,
awiri ndi atsikana, ndipo amalume saletsa.
Amawaphunzitsa nyimboyo kawiri:
koyamba ndi chidendene, fumbi kobo,
kachiwiri atakhala pansi, chipanda chili pachifuwa,
mawu ali pansipansi
moti woyenda pamsewu sangamve.
Kamtsikana ka a Daka kanafunsa dzulo
ngati tholelo linapezeka.
Amalume anakunga nsambo, nakuna ndi kabango,
nati nyimbo sinafike pamenepo.
Kenaka kabaza wina anaimba belu panja,
tayala lakumbuyo lili phwa,
ndipo anapachika gubu pamsomali.