Kampani Yathu ya pa Kamwendo

Tinali atatu potuluka ku yunivesite,
atatu odziwa chinthu chimodzi:
chuku cha mu mtedza, mayina ake achilendo,
ndi kabokosi kathu kochinunkhiza
diso lisanachione.
A Dokotala Msangaambe, Tsogolani, ndi ine.
Tinachita lendi sitolo yakale pa Kamwendo,
dzina la mwini wake woyamba likadali pakhoma,
n'kukhala pansi kudikira alimi.

Inatha miyezi inayi.
Masatifiketi anachita fumbi pa msomali.
Tikatsutsana tinkagwirizana msanga,
poti mutu unali umodzi, zipewa zitatu.
Mtengo wa kabokosi tinauwerengera usiku wonse
ngati mayeso. Tinakhoza.
Palibe anagula.

Nasimango analowa kudzausa mvula.
Zaka khumi ndi zisanu akugula mtedza pa sikelo
kuyambira ku Mkanda mpaka kuchipata cha Mwami,
sukulu analekezera Sitandade 7.
Anakatembenuza kabokosiko, nati,
"Mlimi sangagule chinthu chomuuza kuti walephera.
Muzimuyezera, azilipira pa thumba,
ndipo wogula aone chidindo chanu, awonjezere mtengo."
A Dokotala anatsokomola.
Ine ndinalemba.

Kenaka Sinoya wowotcherera,
amene anaseka chivindikiro chathu cha pulasitiki:
"Ichi pa kabaza sichifika ku Kapiri."
Anasula cha lata, chosaoneka bwino.
Mpaka lero sichinasweke.

Tsopano tilipo khumi ndi anayi.
Misonkhano yatalika, mawu akwera,
wosunga ndalama amandimana ya petulo
ine amene ndinamulemba ntchito.
Tsogolani anachoka mu Epulo,
akuti sanaphunzire zaka zinayi
kuti azilamulidwa ndi mayi wa sikelo.
Kapu yake ikadali pawindo,
sindinalole wina kumweramo.
Yunivesite imatumiza kalata chaka ndi chaka
kukumbutsa za gawo lake,
ngati malume amene anakubwereka khasu
ndipo saiwala mwezi wokolola.

Dzulo ndinawapeza a Dokotala kuseri kwa sitolo
atakhala pa thumba, magalasi pamphumi,
Nasimango akuwaphunzitsa
kugwedeza mtedza pafupi ndi khutu
kuti amve ngati wauma.
Analakwitsa kawiri.
Kachitatu anatseka maso,
anagwedezanso, anati, "Uwu ayi."
Nasimango sanawayamikire.
Anangowapatsa wina.