Malikisi Awiri

Mphepo ya ku Punta Arenas yafika kale pawindo,
ikugogoda ngati mwini ngongole.
Ndili patebulo ndi mapepala makumi atatu ndi limodzi,
bolopeni yofiira, tiyi amene wazizira ndisanamulawe,
ndi kapepala kotiuza ife aphunzitsi yankho lolondola.

Nkhani yake inali yaifupi, ndime zisanu:
mtsikana walandira kalata yochokera kunyanja
kumene bambo ake amagwira nkhanu m'sitima,
waibisa pansi pa pilo.
Funso lachinayi: N'chifukwa chiyani sanaitsegule?
Malikisi awiri.
Kapepala kakuti: amaopa uthenga woipa.

Renato wakopera ndime yonse yachitatu,
osasiya mpumiro, osasiya mpatuliro,
zilembo zitaima njo ngati asilikali paperete.
Yankho lilimo, sindikana,
monga mmene ndalama imakhalira
m'thumba la jekete yobwereka.
Wasenza sitolo yonse poopa kusankha chogula.
Ndimpatse zingati?

Maite walemba "mantha" basi,
mpata wotsalawo wajambulapo galu wa miyendo itatu.
Theka. Galuyo ndilibe naye mlandu.

Ignacio wasiya poyera, mbee.
Chonsecho Lachitatu, nthawi yopuma,
anandikoka juzi pakhomo la kalasi
n'kundisimbira nkhani yonseyi,
mpaka mchere umene unauma pa envelopu,
umene wolemba sanautchule n'komwe.
Pakamwa pake pamasefukira mtsinje,
ukafika pansonga ya pensulo, gwa, wauma.
Kodi ndikuyesa chimene mwana wamva
kapena chimene dzanja lake lavomera kunyamula?
Kapepala kalibe bokosi la funso langali.

Tsono Wideline.
Anabwera ndi mayi ake kuchokera ku Haiti dzana,
atavala nsapato zosadziwa chipale.
Amakhala kumbuyo, pafupi ndi chotenthetsa m'kalasi,
sakweza mkono.
Chisipanishi chake chimayenda motsimphina,
zilembo zina zagwera m'njira,
mneni wavala malaya a dzulo pa nkhani ya mawa.
Ndawerenga kawiri,
kachitatu ndi chala, ngati ndine wa sitandade wani:

"Ikakhala yotseka, bambo akubwerabe."

Ndaika bolopeni pansi.
Basi yomaliza yadutsa kunja yopanda munthu.

Mawu oti mantha mulibe m'mzere wakewu.
Zolakwa ndaziwerenga, zilipo zinayi,
ndipo lamulo likuti zikapyola zitatu ndichotse theka.
Lamulolo ndinalivomereza ndekha pamsonkhano,
ndikutafuna bisiketi, ndikuyang'ana wotchi.
Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndachonga ndime yotereyi,
ndakhala ndikusaka liwu limodzi
ngati wapolisi wosaka nkhope pachithunzi,
mwana wazaka khumi ndi chimodzi wandiuza lero
chimene chili kuseri kwa liwulo.

Sindidziwa za bambo ake.
Fomu ya kuofesi pamzere umenewo ili ngati pepala la Ignacio,
ndipo sindidzafunsa.

Foni yanga ili apo, chafufumimba, pambali pa shuga.
Muli uthenga wa kuchipatala
umene unalowa Lachiwiri masana.
Ndachapa mbale, ndasita, ndachonga makalasi awiri,
ndathirira ngakhale duwa lija linafa kale.

Ndalemba 2 pa pepala la Wideline,
wamkulu, mpaka wadya mzere wapansi.
Zolakwa zinayi zija ndazilemba mizere ndi pensulo, mopepuka,
tidzazikonza Lolemba, iye ndi ine,
chifukwa mayeso a boma sadzamudikira kuti afotokoze.
Renato ndidzamulanda buku, andiuze ndi pakamwa pake.
Ignacio ndidzamugwirira pensulo, iye azilankhula,
aone mtsinje wake utagona papepala.

Atsala mapepala khumi ndi anayi.
Mphepo sinatope.
Ndakoka lotsatira, la Fernanda,
amene amalemba tizilembo tating'ono ngati nyerere,
ndasendeza nyali pafupi,
foni ndaisiya mmene ilili.