Funso Lachisanu ndi Chiwiri

Magetsi athima kuyambira m'mawa.
Ndili pakhonde la wekishopu, kuseri kwa chipatala cha Ngabu,
foni m'mwamba ngati wopempha mvula,
kusaka netiweki yobwera ndi mphepo ya ku Mozambiki
n'kuchoka osatsanzika.

Fomu yawo ili ndi mafunso khumi ndi awiri.
Dzina ndalemba: Zuze Alufandika.
Sukulu ndalemba, digiri ndajambula, yapita.
Pa funso lachisanu ndi chiwiri ndaima.
Tchulani makina achipatala amene mwakonzapo,
mtundu wake ndi chaka chake.
Mawu asapitirire makumi asanu.

Ndiyambire pati?
Makina athu amafika ali ndi imvi kale,
mphatso za anthu achifundo akutali,
buku lake m'chinenero chimene ngakhale abusa sachidziwa,
pulagi yake yokana khoma lathu.
Chaka chake chinafufutika ndi thukuta la manja.

Ndilembe za makina a mpweya aja
anatsamwa fumbi la Okutobala
usiku umene mwana wa a Nyamithambo ankabanika?
Ndinang'amba chubu cha kabaza ya Fombe,
ndikumanga pamene panaphulika,
tochi ndili nayo kukamwa.
Mwanayo ali sitandade yachiwiri, amandiseka dazi.
Fombe akundilondabe za chubu chake.

Kapena chofungatira makanda osakwana masiku
chimene nyerere zinamangamo mudzi?
Kapena chaka chimene Shire anasefukira,
titabwerekedwa ku Makhanga,
anthu anayi tinasenza firiji ya katemera,
madzi m'chiuno, mitima ili pa ng'ona?
Bokosi lawo ndi laling'ono.

Tchale, mnzanga wa pabenchi limodzi kusukulu,
anakwera ndege chaka chatha.
Amati kumeneko mapepala athu amayamba agona,
bungwe lawo liwanunkhize miyezi isanu ndi itatu,
ndalama yowadzutsira ndi thonje la bambo la zaka ziwiri.
Podikira, amasambitsa nkhalamba za eni ake,
kuzitembenuza, kuzipukuta pakamwa.
Bedi lamagetsi likalira mopotoka
iye amamva kuti ndi mota,
zala zimamuyabwa,
koma saloledwa kugwira ngakhale sikuluu imodzi.
Amalemba lipoti, n'kudikira injiniya abwere Lachinayi.
Komabe mayi ake ku Nchalo afolera malata.
Ndinawaona ndekha, akuthwanima kuseri kwa nzimbe.

Anga malipiro amatha mwezi usanafike pakati.
Nyumba ya mayi yagwa kachitatu.
Ndatopa kuuza mwana wanga kuti fizi mawa.

Sisitala Chanaze wadutsa ndi beseni.
Waona foni, waona nkhope yanga,
palibe chimene sadziwa pano.
Ukapita, sakishoni ikafa tidzakuwira ndani?
Ndati adzatumiza wina.
Sanayankhe.
Mpando uwu unakhala zaka zinayi wopanda mwini ndisanabwere,
mileme inkagona m'makatoni a sipeyala.

Ndalemba m'bokosimo:
Ndadzutsa makina amene kwanuko munawaika kale m'manda.
Ndawerenga kawiri. N'zoona,
koma choona sichigula tikiti.
Ndafufuta.
Ndayamba kundandalika maina a makampani mwaulemu,
monga achita anthu ofuna ntchito,
mawu makumi atatu ndi anayi, atsala khumi ndi asanu ndi limodzi
osadziwa chowadyetsa.

Kenaka mababu aphethira.
Agalu a kumsika auwa, wina wakuwa kuti abwera!
Ndipo kuwodi ya ana kwayamba kulira kuja,
katatu, kupuma, katatu.
Ndimakudziwa monga mayi adziwira chifuwa cha mwana wake.
Ndi nambala folo, fyuzi yake imadana ndi magetsi obwera mwaukali.

Netiweki yafika, mizere itatu yathunthu,
nthawi yabwino yotumizira.
Foni ndaiika m'thumba.
Fomu itseka Lolemba pakati pa usiku,
nthawi ya kwawo.
Sipanala yaing'ono ija ndinaisiya pati?